Wodwala akati "ndikupezako bwino", kodi wachira?

Ukatuluka mu Lusaka kulowera kum'mawa pa msewu wa Great East, n'kudutsa mphambano ya ku bwalo la ndege la Kenneth Kaunda, umayamba kuganiza kuti tauni yatha. Sinathe ayi. Kutsogoloko kuli Silverest, dera la m'boma la Chongwe lomwe kale linali minda ndi tchire, koma lero kuli mipanda ya njerwa, nyumba za mdadada za Silverest Gardens, ndi nthambi ya University of Lusaka. Nthakayi ndi ya Asoli, anthu a mfumu yaikulu Nkomeshya Mukamambo II, koma obwera achuluka: ogwira ntchito m'tauni, ophunzira, amisiri omanga, ndi opuma pa ntchito amene anagula malo kuti akakalambire kunja kwa phokoso.

Munthu wa kuno akadwala sayenda njira imodzi. M'mawa akafola pa kiliniki n'kulandira mapiritsi. Masana amwa tiyi wa masamba a moringa kapena madzi a tembusha amene apongozi anawiritsa. Madzulo abusa abwera kudzapemphera. Zikapitirira, Loweruka akwera basi kupita kwa ng'anga imene mnansi anaitama. Ena ali ndi ndalama zogulira mabotolo okwera mtengo otsatsidwa pa WhatsApp, ena amapita kokatikita minofu, ena amafukiza masamba a bulugamu monga anthu ambiri anachitira nthawi ya Covid-19. Pakatha mwezi, ukamufunsa, ayankha kuti akupezako bwino. Chinamuthandiza n'chiti pa zonsezi? Ndipo kupezako bwinoko n'kutani: matenda achoka, kapena angogona?

Funso limeneli lavutitsa ofufuza za umoyo kwa zaka zambiri, ndipo onse awiri, a chipatala ndi a zitsamba, ali ndi mbali imene safuna kuimva.

Tiyambe ndi mbali imene a chipatala ena amainyoza. Kuyambira 1948 bungwe la WHO limaphunzitsa kuti umoyo si kusadwala kokha, koma kukhala bwino m'thupi, m'maganizo ndi pakati pa anthu. Asing'anga athu analidziwa kale phunziro limeneli. Pa kiliniki yodzaza, namwino ali ndi mzere mpaka panja, ndiye angakupatse mphindi zochepa chabe. Sing'anga wabwino amakukhazika pansi, amafunsa za kunyumba, za maloto, za mkangano wa malire a munda. Munthu amachoka atapepukidwa, usiku n'kugona tulo. Tulo timeneti si tabodza. Mayi amene anasiya kupita kumsika chifukwa cha msana, ndiye wayambiranso kusenza dengu lake la tomato, wapindula chinthu chenicheni ngakhale makina a chipatala sangachione. Vuto ndi lakuti palibe amachilemba.

Njira zolembera zilipo, ndipo zina n'zosavuta kuposa mmene anthu amaganizira. Mu 1996 dokotala wina wa ku England, Charlotte Paterson, amene odwala ake ena ankapitanso kwa ochiritsa m'njira zina, anakonza kapepala kotchedwa MYMOP. Ubwino wake ndi wakuti wosankha choyeza ndi wodwala mwini. Amatchula zizindikiro ziwiri zimene zikumusautsa kwambiri, m'mawu ake, kenaka ntchito imodzi imene matendawo amuletsa kugwira, kenaka mmene akumvera m'thupi monse. Chilichonse amachipatsa nambala kuyambira 0 mpaka 6, pomwe 0 ndi bwino kwambiri ndipo 6 ndi poipitsitsa. Pakapita masabata angapo amafunsidwanso zomwezo. Bambo wa ku Silverest akhoza kunena kuti bondo likuwawa, 5. Tulo sitibwera, 4. Kupalasa njinga kupita kuntchito, 6. Akabweranso manambala atatsika kufika pa 2, tili ndi china chogwirika m'malo mwa umboni wa pakamwa. Akakwera, ochiritsayo ayenera kudzifunsa.

Pali mafunso enanso okhazikika amene amalola kuyerekeza odwala a madera osiyana. EQ-5D imafunsa zinthu zisanu: kuyenda, kudzisamalira monga kusamba ndi kuvala, ntchito za masiku onse, ululu, ndi nkhawa kapena kukhumudwa. Inamasuliridwa m'Chichewa, ndipo mu 2017 madokotala a mafupa ku Malawi, motsogozedwa ndi Dr Linda Chokotho, anasindikiza zotsatira za kuiyesa pa anthu ovulala. Ya WHO yotchedwa WHOQOL-BREF ili ndi mafunso 26, ndipo mzinda wa Harare unali umodzi mwa malo amene anathandiza kukonza mafunso a WHOQOL pachiyambi.

Koma zimene zimatiyenera kwambiri ndi zimene zinabadwira kuno ku Africa. Bungwe la African Palliative Care Association, lomwe likulu lake lili ku Kampala, linakonza mafunso 10 a odwala matenda osachiritsika monga khansa yofalikira. Asanu ndi awiri amayankha wodwala, atatu amayankha achibale omusamalira, chifukwa kwathu kuno munthu sadwala yekha. Amafunsa za ululu, za nkhawa, ngati wodwala wapeza womuuza zakukhosi, ngati ali pa mtendere, ndiponso ngati banja likudzidalira pomusamalira. Mayankho amachokera pa 0 kufika pa 5, kotero ambuya osadziwa kulemba akhoza kungoonetsa zala: chibakera chofumbata ndiye kuti palibe ululu, zala zonse zisanu ndiye kuti ululu wafika posapiririka. Ku Zimbabwe nako, m'zaka za m'ma 1990, Vikram Patel ndi anzake anamvetsera mmene odwala a ku Harare amafotokozera kuvutika maganizo, kuphatikizapo amene ankapita kwa asing'anga, n'kupanga mafunso 14 a m'Chishona. Mafunso amenewo ndiwo anagwiritsidwa ntchito poyesa Friendship Bench ya Dr Dixon Chibanda, pomwe azimayi achikulire ophunzitsidwa amakhala pa benchi kunja kwa kiliniki n'kumacheza ndi ovutika maganizo. Kafukufuku wa 2016 pa anthu 573 anasonyeza kuti amene anacheza pa benchi anapeza bwino kuposa amene analandira chithandizo cha masiku onse. Palibe piritsi, palibe jakisoni, koma phindu linayezedwa n'kuoneka. Aliyense wonena kuti chithandizo cha mtima ndi mzimu sichingayezedwe ayambe wayankha za benchi imeneyo.

Pamene mawu a wodwala amanyenga

Tsopano mbali imene a zitsamba safuna kuimva. Mu 2011 ofufuza a ku Harvard, mmodzi mwa iwo Ted Kaptchuk, amene iye mwini anaphunzira mankhwala a Chitchaina, anasindikiza kafukufuku pa odwala mphumu 46. Wodwala aliyense, pa masiku osiyana, analandira zinthu zinayi: mankhwala enieni opopera m'kamwa otchedwa albuterol, chopopera chopanda mankhwala, kubaya tisingano konamizira, ndi kungokhala osalandira kanthu. Atafunsidwa mmene akumvera, odwalawo anati mankhwala enieni anawathandiza ndi 50 peresenti, chopopera chopanda kanthu 45, tisingano tonamizira 46, kungokhala 21. Kumva kwa wodwala sikunasiyanitse chenicheni ndi chonamizira. Koma atawapumitsa m'makina oyeza mpweya wa m'mapapo, mankhwala enieni anatsegula chifuwa ndi 20 peresenti, pamene zina zitatuzo zinangofika pa 7.

Taganizirani bwino pamenepa. Munthu akhoza kumva bwino moona mtima, osanama konse, pamene mapapo ake akadali othinana. Wa mphumu wotere ndi amene amasiya chopopera kunyumba, n'kudzakomoka panjira.

Matenda amene akutipha kwambiri masiku ano ndi a mtundu womwewu. Kafukufuku wa dziko lonse wa 2017 anapeza kuti pafupifupi munthu wamkulu mmodzi mwa asanu mu Zambia ali ndi BP yokwera. BP imakwera mwakachetechete. Munthu akhoza kumwa adyo ndi mandimu, mutu n'kusiya kuwawa, iye n'kutaya mapiritsi, pamene mitsempha ikuwonongeka mpaka tsiku limene mbali imodzi ya thupi idzafe. Shuga chimodzimodzi. HIV, imene kafukufuku wa 2021 anaipeza mwa akuluakulu 11 pa 100 alionse m'dziko muno, ndiyo yoposa: wosiya ma ARV akhoza kukhala wonenepa ndi wamphamvu kwa miyezi ndithu pamene kachilombo kakuswana m'magazi. Pa matenda amenewa funso loti mukumva bwanji silikwanira. Pamafunika makina a BP, kadontho ka magazi pa chala, ndi kuyeza kuchuluka kwa kachilombo m'magazi (viral load).

Mbiri yathu ili ndi zitsanzo zokwanira. Mu 1995 anthu miyandamiyanda, ena akuti ofika 300,000, anakhamukira kwa Billy Chisupe pafupi ndi Liwonde ku Malawi kukamwa mchape umene anati anaulota. Mu 2011 magalimoto anandandalika ulendo wa ku Loliondo ku Tanzania kukamwa kapu ya mankhwala kwa m'busa wopuma Ambilikile Mwasapile. Ku Gambia, mu 2007, pulezidenti Yahya Jammeh analengeza kuti amachiza Edzi n'kulamula odwala kusiya ma ARV, ndipo ena mwa iwo anamwalira. Konseko kunali mboni zambirimbiri zonena kuti zapeza bwino. Konseko palibe kafukufuku amene anasonyeza kuti kachilombo ka HIV kanachoka.

Zambia inachitako mwanzeru pa nkhani yofanana. Loya ndi nduna yakale, Dr Ludwig Sondashi, atalengeza za mankhwala ake a zitsamba, boma silinangomutsutsa kapena kumuvomereza. Mu 2005 linayambitsa kuyesa mankhwala atatu a zitsamba, kuphatikizapo a Sondashi, pa odwala HIV osakwana 30, motsogozedwa ndi Dr Patrick Chikusu. Zotsatira za 2006 sizinasonyeze kuti pali amene kachilombo kanamuchoka. Patapita zaka pafupifupi khumi, mankhwala a Sondashi, otchedwa SF-2000, anayesedwanso ku Tropical Diseases Research Centre ku Ndola, pa gawo loyamba lomwe limangofuna kudziwa ngati mankhwala savulaza munthu. Apa ndi pamene ambiri amasokonezeka. Akamva pa wailesi kuti mankhwala apezeka osavulaza, amamva ngati apezeka ochiza. Madzi akumwa nawonso savulaza. Komabe, ulemu upite kwa amene analola kuti chitsamba chawo chipite ku labotale, chifukwa ogulitsa mabotolo ambiri a pa Facebook sangayerekeze n'komwe.

N'chifukwa chiyani umboni wa pakamwa umanyenga ngakhale wounenayo ndi woona mtima? Matenda ambiri amatha okha: chimfine, msana wobwera chifukwa cholima, kutsegula m'mimba kwa masiku awiri. Ena, monga nyamakazi ndi mphumu, amakwera n'kutsika, ndipo munthu amathamangira chithandizo pa tsiku loipitsitsa, ndiye chilichonse chimene angamwe tsiku limenelo chidzatamandidwa pamene ululu watsika wokha. Amene sanachire sabwereranso kwa sing'anga yemweyo. Amapita kwina, kapena kuchipatala cha Levy Mwanawasa, kapena kumanda, ndipo sing'anga amangowerenga obwera kudzathokoza. Munthu amene walipira ndalama zambiri safuna kuvomera kuti anaziponya m'madzi. Palinso ulemu wathu. Munthu wamkulu amene wakulandira pakhomo pake, wakupatsa mpando, wakusamalira, akakufunsa kuti, "Nanga mayi, mankhwala aja akuthandizani?" ndani angayankhe kuti ayi bambo, palibe chasintha? Timayankha kuti pang'ono pang'ono. Ndiye chifukwa chake wofunsa mafunso oyezera sayenera kukhala wochiritsa mwiniyo, ndipo safunsira pamaso pake.

Tisapitirire malire, komabe. Pa ululu, mawu a wodwala ndiwo muyeso weniweni, palibe makina ouposa. Ku Germany anayesa kubaya tisingano pa anthu 1,162 a msana wosatha, n'kusindikiza zotsatira mu 2007. Obayidwa motsata malamulo a Chitchaina amene anapeza bwino anali 48 pa 100 alionse, obayidwa mwachisawawa 44, olandira chithandizo cha masiku onse 27 okha. Tisingano tenitenito sitinapose kwenikweni tonamizira, koma zonse ziwiri zinaposa mapiritsi ndi mafizo. Otsutsa amati umenewu ndi umboni woti kubaya tisingano ndi sewero. Ine ndikuonapo china: nthawi, kukhudzidwa ndi dzanja la munthu, ndi chiyembekezo zimachepetsa ululu, ndipo chipatala chimene chilibe nthawi ya odwala chikutaya mankhwala amene sagulidwa kunja.

Mmene anachitira ku Mali

Pali dziko limene linasonyeza kuti kuyeza sikufuna nyumba zagalasi. Ku Mali, ofufuza a nthambi ya boma yoona za mankhwala a makolo, mogwirizana ndi anzawo a ku Switzerland ndi England, anayamba ndi funso losavuta. Anayendera mabanja 952 n'kufunsa kuti mwana atadwala malungo posachedwapa anamupatsa chiyani, ndipo zinatha bwanji. Pa zitsamba zambiri zimene zinatchulidwa, chimodzi, Argemone mexicana, chinaonekera kuti ochimwa ambiri ankachira. Anakakhala kwa sing'anga wa m'mudzi wa Missidougou kuona mmene amaperekera, kenaka anayerekeza madzi owiritsa a masambawo ndi mankhwala a chipatala pa odwala 301. Amene sanafunikire mankhwala ena anali 89 pa 100 alionse kumbali ya chitsamba, ndi 95 kumbali ya mankhwala a chipatala. Chitsambacho sichinapose, ndipo mwa ambiri tizilombo sitinatheretu m'magazi, koma anthu a midzi yakutali anadziwa mlingo wake ndi malire ake. Owerenga asathamangire kutchire: mbewu za chomera chimenechi ndi poizoni, ndipo malungo kuno ali ndi mankhwala ake pa kiliniki. Mankhwala amenewo, Coartem, amene Zambia inali m'gulu la maiko oyamba mu Africa kuwasankha, anachokeranso ku chitsamba cha ku China chimene Tu Youyou anachifufuza m'zaka za m'ma 1970, mpaka kulandira mphoto ya Nobel mu 2015. Chitsamba chikayezedwa sichichepa ulemu.

Kuyeza kulinso ndi mbali yachitatu imene otsatsa amaiiwala dala: kuvulaza. Zitsamba zina zimalimbana ndi mapiritsi m'chiwindi, monga St John's wort amene amafooketsa ma ARV ena ndi mapiritsi a kulera. Mwanamphepo, amene amayi ena oyembekezera amamwa kuti matenda ayambe msanga, azamba amamudandaula chifukwa amatha kulimbitsa zowawa mopitirira muyeso. Mabotolo ena amene amati ndi achilengedwe, makamaka a mphamvu za abambo, apezeka m'maiko ambiri atasakanizidwa mobisa ndi mankhwala a chizungu. Buku lolemba ochira okha, losalemba osanza, otupa ndi othamangitsidwa kuchipatala, ndi buku lotsatsa malonda.

Malamulo alipo. Mu 2013 nyumba ya malamulo inakhazikitsa National Health Research Authority yoyang'anira kafukufuku wa za umoyo, kuphatikizapo wa mankhwala a makolo, komanso ZAMRA yoyang'anira mankhwala ogulitsidwa. Asing'anga ali ndi bungwe lawo, Traditional Health Practitioners Association of Zambia, kuyambira 1978. Chaka chilichonse pa 31 August Africa imakumbukira tsiku la mankhwala a makolo, ndipo mu 2025 maiko a WHO anavomereza ndondomeko yatsopano ya zaka khumi imene ikulimbikira pa umboni. Zolankhula za pa tsiku limeneli zimakoma. Chimene chikusowa ndi cholembera m'manja mwa munthu amene amaona odwala.

Mwini kantemba aliyense pa Silverest ali ndi kabuku ka ngongole, ndipo saiwala kulemba amene watenga sopo ndi tsiku lake. Wochiritsa amene amagwira miyoyo ya anthu sangalephere kusunga kabuku kotere. Tsamba limodzi pa wodwala aliyense likwanira: tsiku, zaka, chimene chikumusautsa m'mawu ake ndi nambala ya zala, ntchito imene walephera kugwira, mankhwala ena amene akumwa, ndi chimene wapatsidwa pamodzi ndi mlingo wake. Pakatha masabata awiri kapena anayi, munthu wina amuimbire foni n'kumufunsanso, ndipo osabwerera ndiwo oyamba kuimbiridwa. Dzina la chitsamba likhoza kubisidwa ndi nambala ngati mwini akuopa kuberedwa nzeru, ndipo mantha amenewo si achabe. Wodwala naye afunsidwe kaye ngati alola kulembedwa, dzina lake lisungidwe mwachinsinsi. Makina a BP a mabatire akhoza kukhala pa tebulo la sing'anga, ndi pangano lakuti nambala ikapitirira 140 pa 90 mobwerezabwereza, kapena wodwala akatsokomola masabata awiri, akaonda popanda chifukwa, akatulukira chotupa m'bere, ulendo ndi wa ku kiliniki tsiku lomwelo. Ntchito yoimba mafoni ndi kuwerengera manambala ndi imene ophunzira a za umoyo amafunafuna chaka ndi chaka kuti alembe kafukufuku wawo, ndipo masukulu a ukachenjede ali pafupi pomwepa.

Akiliniki nawo ali ndi ngongole yawo. Odwala ambiri amabisa kuti akumwa zitsamba chifukwa amaopa kukalipiridwa pamaso pa anthu. Namwino wofunsa mofatsa kuti, "Ambuya, kunyumba mukumwako chiyani china?" amamva zoona, ndipo akhoza kupulumutsa impso za ambuyawo. Wofunsa mokalipa amamva zoti palibe.

Inu amene muli ndi botolo la zitsamba m'kabati lero, musadikire boma kapena ofufuza. Musanayambe kumwa, lembani pa kapepala chimene chikukuvutani ndi nambala yake, ndipo mukayezetse BP, shuga kapena viral load ngati matenda anu ndi amenewo. Pakatha mwezi lembaninso, kayezetseninso. Mapiritsi amene munapatsidwa ku chipatala musasiye, ndipo botololo mulinyamule mukamapita ku kiliniki kuti namwino alione.